Madzi a dzimbiri ndi chenjezo pa kasamalidwe ka madambo ndi maiwe

CHISEMPHERE, Kasungu: M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likayamba kuswa mtengo, alimi a fodya a m'dera la Chisemphere kumpoto kwa boma la Kasungu amakumba zitsime m'madambo pofuna madzi othirira nazale zawo. M'zitsime zina madzi amatuluka oyera bwinobwino, koma pofika m'mawa mwake amakhala atafiira, pansi padikha matope onga dzimbiri, ndipo pamwamba pakuyandama kanthu konyezimira ngati mafuta a galimoto.

Anthu ambiri amangoti ndi dothi lomwe lavunduka. Zoona zake n'zakuti chimene chafiiritsa madziwo ndi chitsulo, chomwechi chimene amasulira makasu, chomwe chinali chosungunuka m'madzi a pansi pa dambo ndipo chachita dzimbiri chitakumana ndi mpweya.

Zomwe zimachitika m'kachitsime ka padimba ndi zomwenso zimachitika m'maiwe akuluakulu a m'mphepete mwa nyanja, monga dziwe la Chia ku Nkhotakota, komanso maiwe a m'mbali mwa nyanja zamchere m'maiko ena. M'maiko enawo kusintha kwa chitsulo cha m'matope kwaphetsa nsomba, kwaononga minda ya mpunga ndipo kwadya ndalama zambiri za boma. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo pa nkhani iyi mwambiwu ndi woona kwenikweni: chilala chimakonza vuto mwakachetechete m'matope ouma, koma vutolo limaonekera mvula ikabwerera, nthawi imene ntchito zothandiza anthu okhudzidwa ndi chilala zimakhala zikutsekedwa. Kukula kwa vutolo kumadalira kwambiri zimene anthu ndi maofesi anachita ndi madzi pa nthawi ya chilalayo.

Chitsulo cha m'dothi la Kasungu

Dothi la katondo lomwe lili m'zigwa za Kasungu ndi Lilongwe ndi lofiira kaamba ka chitsulo chomwe chinachita dzimbiri kalekale. M'mphepete mwa madambo ambiri mumapezeka miyala yolimba yofiirira imene alimi amaitcha lubwe. Miyalayi inapangika chifukwa kwa zaka zikwi zambiri madzi akhala akusungunula chitsulo m'nyengo ya dzinja n'kuchisiya pamalo pamene madziwo amalekezera m'chilimwe, mpaka chinaunjikana n'kuuma.

Makolo athu ankaidziwa bwino miyala imeneyi. M'nkhalango yotetezedwa ya Kasungu ndi m'madera oizungulira, monga kwa Chulu, mukadali ng'anjo zakale zadothi zomwe amisiri ankasungunuliramo miyala yotere n'kupeza chitsulo chosulira makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Ntchitoyi inazilala cha m'ma 1930 pamene makasu a m'sitolo anachuluka. Katswiri wina wofukula zakale, David Killick, anafufuza ng'anjo za ku Kasungu m'zaka za m'ma 1980 ndipo anacheza ndi okalamba omwe anaiona ntchitoyi ndi maso awo. Choncho chitsulo cha m'dambo si chachilendo kuno. Chachilendo ndi liwiro limene madambo akuumira masiku ano.

Zimene zimachitika pansi pa madzi

Chitsulo cha m'dothi chimakhala m'maonekedwe awiri. Pamene pali mpweya wa okosijeni, chimakhala ngati dzimbiri: chofiira, cholimba, chomatirira ku dothi ndipo sichisungunuka m'madzi. Pamene dothi lamira m'madzi kwa nthawi yaitali, mpweyawu umatha chifukwa tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya, timaugwiritsa ntchito poola udzu, masamba ndi ndowe. Okosijeni akatha, mabakiteriya ena amatembenukira ku dzimbiri lija n'kulisandutsa chitsulo chosungunuka, chopanda mtundu, chomwe chimayenda ndi madzi. N'chifukwa chake dothi la pakati pa dambo limakhala lotuwa kapena lakuda pamene la kumtunda lili lofiira, ndipo n'chifukwa chake madzi a m'chitsime amatuluka oyera n'kufiira pambuyo pake.

Dzimbiri la m'matope lili ndi ntchito ina yofunika: limagwira fosiforasi, mchere umene uli mu feteleza wobzalira ndi m'ndowe, ndipo limausunga kuti usalowe m'madzi. Dzimbirilo likasungunuka, fosiforasi amamasuka. Madzi akachuluka fosiforasi, ndere ndi namasupuni zimakula mofulumira, zikafa zimaola, poola zimamaliza okosijeni, ndipo okosijeni akatha dzimbiri lina limasungunukanso. Dziwe limene lalowa m'chizungulire chotere silichira msanga ngakhale alimi atasiya kuthira feteleza kumtunda.

M'maiwe omwe amalandira madzi a m'nyanja yamchere mumaonjezeka chinthu chachitatu, chomwe ndi salifa. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi magalamu pafupifupi 2.7 a mchere wa salifa, pamene madzi a m'mitsinje yambiri amakhala ndi wochepa kwambiri. M'matope opanda mpweya, mabakiteriya amasandutsa mcherewu kukhala mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, ndipo mpweyawo umagwirana ndi chitsulo n'kupanga matope akuda bii. Pakapita nthawi m'matopemo mumapangika timiyala ting'onoting'ono ta chitsulo ndi salifa timene akatswiri amatitcha pyrite. Malinga ngati matopewo ali pansi pa madzi, timiyalati timakhala phee kwa zaka mazanamazana popanda kuononga kanthu.

Chilala chikaumitsa matope

Madzi akaphwa, matope amang'aluka ndipo mpweya umalowa m'ming'alu mpaka pansi. Pyrite akakumana ndi mpweya ndi chinyezi amasweka n'kutulutsa zinthu ziwiri: chitsulo chosungunuka ndi asidi wa mtundu womwe uja wa m'mabatire a galimoto. Tani imodzi ya pyrite ikhoza kutulutsa matani oposa 1.5 a asidi ameneyu.

Ukali wa asidi amauyeza pa sikelo ya pH. Madzi abwino akumwa amakhala pafupi ndi 7, a m'nyanja yamchere pafupi ndi 8, koma matope ouma a pyrite amatsika kufika pa 4 kapena kucheperapo, ndipo kutsika ndi nambala imodzi kumatanthauza kuti asidi wachuluka kakhumi. Pa ukali wotere dothi limatulutsanso aluminiyamu ndi zitsulo zina zomwe zimapsereza mizu ya mbewu ndi kuononga ziwalo zopumira za nsomba.

Pa nthawi ya chilala asidiyu amakhala m'matope momwemo. Mvula yoyamba ikagwa, kapena madzi akabwezeretsedwa mwadzidzidzi, amakokolola asidi ndi chitsulo chonsecho kupita nazo m'dziwe. Chitsulocho pochita dzimbiri chimalanda okosijeni wa m'madzi, dzimbirilo limakuta zomera ndi malo oswanirana nsomba, ndipo anthu amadabwa kuona nsomba zikufa pamene madzi angobwera kumene.

Phunziro la ku Australia ndi ku Senegal

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha kumwera kwa dziko la Australia, kumene mtsinje wa Murray umathira m'nyanja ziwiri zosaya, Alexandrina ndi Albert, komanso m'dziwe lalitali lamchere la Coorong, usanalowe m'nyanja yaikulu. Zipupa zotchinga madzi amchere kuti asalowe m'nyanja ziwirizi zinamalizidwa mu 1940, ndipo kumtunda kwa mtsinje alimi a mthirira akhala akupatutsa madzi ochuluka kwa zaka zambiri.

Chilala chachikulu chitagwa m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, madzi ofika kumathiriro anachepa kwambiri moti kuyambira mu 2002 boma linkachita kufukula mchenga ndi makina kuti pakamwa pa mtsinje pasatsekeke. Pofika mu 2009 madzi a m'nyanja ya Alexandrina anali atatsika pafupifupi mita imodzi kunsi kwa mlingo wa nyanja yaikulu, ndipo mahekitala zikwizikwi a matope a pyrite anakhala pamtunda. Mvula ya chaka chimenecho itagwa, madzi a m'khwawa la Currency Creek anasanduka asidi, ndipo boma linachita kuwaza laimu ndi ndege. Linamanganso zipupa zadothi zongoyembekezera, n'kumapopa madzi kuchokera ku Alexandrina kupita ku Albert kuti matope akhale onyowa. Madzi anabwerera ndi kusefukira kwa mu 2010, koma m'minda ina ya m'mbali mwa mtsinje ngalande zinapitiriza kutulutsa madzi ofiira a asidi kwa zaka zingapo. Mu 2012 dzikolo linakhazikitsa ndondomeko yogawa madzi a chigwa chonse cha Murray ndi Darling, yomwe imapatula gawo la madzi loti lizisiyidwa mumtsinje.

Kuno ku Africa, alimi a mpunga a ku Casamance kumwera kwa dziko la Senegal anaona zofanana. Chilala chomwe chinayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 chinaumitsa matope a m'nkhalango za m'mphepete mwa nyanja, ndipo m'malo ena ngalande zomwe zinakumbidwa pofuna kutsegula minda yatsopano zinafulumizitsa kuumako. Minda yambiri inasanduka yamchere ndi ya asidi mpaka eni ake anaisiya.

M'maiko onse awiri mvula inasowadi, koma chimene chinakulitsa chionongeko ndi madzi omwe anapatutsidwa kumtunda, ngalande zomwe zinakumbidwa ndi zipupa zomwe zinatsekedwa popanda kuganizira za matope.

Nanga kwathu kuno?

Dziko lino lilibe nyanja yamchere, koma lili ndi maiwe ndi madambo a m'mphepete mwa nyanja zake. Dziwe lalikulu pa onse ndi Chia, lomwe lili pa mtunda wa makilomita oposa 20 kumwera kwa tauni ya Nkhotakota, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 17. Limalandira madzi a mitsinje yochokera ku mapiri a Ntchisi, monga Lifuliza ndi Likoa, ndipo limalumikizana ndi nyanja ya Malawi kudzera mu khwawa lomwe limadutsa pansi pa mlatho wa msewu wa M5. Cha kumpoto kwake, mitsinje ya Bua ndi Dwangwa, yomwe imatenga madzi a m'madambo a Kasungu, nayonso imathera m'madambo a m'mphepete mwa nyanja. Dothi lomwe lakokoloka m'munda wa fodya kumpoto kwa Kasungu limakathera kumeneko, litanyamula chitsulo chake ndi feteleza wake.

Popeza madzi a ku Chia si amchere, salifa ndi wochepa ndipo chiopsezo cha asidi woopsa ngati wa ku Australia n'chochepa. Koma mbali zina za nkhaniyi zimagwira ntchito chimodzimodzi. Matope ochokera kumtunda amakwirira dziwe n'kulichepetsa kuya, motero limatentha ndi kuphwa msanga. Gombe louma likamizidwanso pamodzi ndi udzu ndi zotsalira za mbewu, okosijeni amatha, dzimbiri limasungunuka ndipo fosiforasi amamasuka. Mpunga wobzalidwa m'dothi lomira lomwe lachuluka chitsulo chosungunuka umachita timadontho tofiirira pamasamba, subereka bwino, ndipo mlimi amaganiza kuti feteleza wachepa pamene vuto ndi madzi osayenda.

Mlingo wa madzi ku Chia umatsatira mlingo wa nyanja ya Malawi, ndipo nyanjayi simakhala pamodzi. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'zaka za m'ma 1930 inatsika kwambiri moti inasiya kuthira madzi mu Shire. Inatsikanso cha m'ma 1997 ndi pambuyo pa chilala cha 2015/16, kenaka mu 2024 inakwera mpaka kumiza nyumba ndi malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Chaka chomwecho cha 2024, m'mwezi wa Marichi, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi kaamba ka ng'amba. Kuuma ndi kumira kosinthanasinthana kotereku ndiko kumagwedeza chitsulo cha m'matope. Zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde, zomwe zinamangidwa mu 1965, zimathandiza kuwongolera madzi otuluka m'nyanja, choncho chiganizo chotsegula kapena kutseka zitsekozi sichikhudza magetsi okha. Chimafikanso pa magombe osaya a kutali ngati a ku Chia.

Nyanja ya Chilwa imapereka phunziro lina. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo inauma mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphwanso kwambiri mu 2018. Madzi ake ali ndi mchere wa mtundu wa soda umene umafooketsa asidi. Chimene chapulumutsa matemba, makumba ndi milamba nthawi zonsezi ndi madambo ndi mathiriro a mitsinje omwe amakhalabe onyowa, kumene nsomba zimabisala mpaka madzi atabwerera. Itauma mu 1995, mafumu, asodzi ndi nthambi ya boma yoona za nsomba anagwirizana zoteteza malo obisalamo nsombawa. Malo ochepa omwe asungidwa onyowa m'chilala ndiwo amabwezeretsa dziwe lonse.

Mjigo wa madzi ofiira

Kwa anthu a ku Chisemphere, nkhani ya chitsulo imafika pakhomo kudzera pa mjigo. Malinga ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, chitsulo chikapitirira mamiligalamu 0.3 pa lita imodzi, madzi amayamba kuthimbirira zovala ndi ziwiya. Chikachuluka madzi amamveka chitsulo m'kamwa, tiyi amada ndipo nsima imasintha mtundu. Pa milingo yomwe imapezeka kawirikawiri chitsulochi sichidwalitsa munthu, koma amayi amausiya mjigowo n'kubwerera ku zitsime zosatetezedwa za kudambo. M'dziko lomwe kolera inapha anthu oposa 1,700 mu 2022 ndi 2023, mjigo wosiyidwa chifukwa cha mtundu wa madzi ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Chitsulo cha pamjigo chimachokera kuwiri. China n'cha m'nthaka momwemo, ndipo china chimachokera ku ndodo ndi mapaipi achitsulo a pampu omwe akudyeka ndi madzi okhala ndi asidi pang'ono. Kusiyanitsa sikovuta: ngati madzi amafiira kwambiri m'mamawa n'kumayera anthu akapopa kwa nthawi, kawirikawiri vuto ndi zipangizo, ndipo mankhwala ake n'kuika ndodo zosachita dzimbiri ndi mapaipi apulasitiki. Ngati madzi amatuluka oyera tsiku lonse n'kufiira ali m'ndowa, chitsulo n'cha m'nthaka, ndipo chimachoka pothira madzi kuchokera m'chidebe china kupita m'chinzake kuti alowe mpweya, kuwasiya adikhe, kenaka kuwasefa mumchenga woyera. Kanthu konyezimira ka pamwamba pa chitsime nakonso kamayesedwa ndi kamtengo: kakasweka m'tizidutswa osabwererana ndi ka chitsulo, koma kakabwererana ndi mafuta enieni.

Udindo wa ogwira ntchito m'boma

Njala ya 2002, yomwe inasautsa kwambiri boma la Kasungu, itadutsa, ulimi wa m'madimba unalimbikitsidwa ndipo mapampu opalasa ndi miyendo anagawidwa m'madera ambiri. Ulimiwu wapulumutsa mabanja ochuluka ndipo palibe amene angautsutse. Funso ndi lakuti dambo ligwiritsidwe ntchito motani kuti chaka chamawa lidzakhalebe dambo.

Choyamba, ngalande zakuya zodula pakati pa dambo ziyenera kupewedwa. Ngalande yotere imatsitsa madzi a pansi, imalowetsa mpweya m'dothi lomwe linazolowera kumira, ndipo mvula ikabwera imasanduka chigwembe. Alangizi a zaulimi athandize alimi kulima m'mphepete, n'kusiya mtima wa dambo ndi udzu ndi bango lake. Mitengo yomwa madzi ambiri monga bulugamu, imene alimi a fodya amaifuna pa zigafa ndi nkhuni, ibzalidwe kumtunda osati kumutu kwa dambo.

Chachiwiri, zilolezo zopatutsa madzi ziziganizira chaka cha chilala osati chaka cha mvula yabwino chokha. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority kuti liziyang'anira ntchito imeneyi, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziziunikidwa zisanayambe. Pounika sikimu ya mthirira, damu kapena msewu wodutsa m'dambo, m'pofunika kufunsa kuti ndi matope ati adzaume, kwa miyezi ingati, ndipo madzi oyamba kuwatsuka adzathera kuti.

Chachitatu, kuyeza kuzichitika pa nthawi yoyenera. Kachipangizo koyezera pH ndi kotsika mtengo poyerekeza ndi mjigo umodzi wosiyidwa. Madzi a m'maiwe, m'madamu a nsomba ndi m'ngalande za masikimu ayezedwe kumapeto kwa chilimwe ndiponso m'masabata oyamba a mvula, ndipo zofunika kuunika mozama zitumizidwe ku labotale ya madzi ya boma ku Lilongwe kapena ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze. Dothi lakuda lonunkha ngati dzira lovunda lomwe lafukulidwa pokumba damu lisasiyidwe padzuwa m'mphepete mwa madzi.

Chachinayi, dziwe kapena damu lomwe linauma lisathiridwe mbewu ya nsomba madzi akangobwera. Madzi oyamba ayambe adikha ndi kuyezedwa, ndipo ngati pH yatsika athiremo laimu motsatira malangizo a alangizi a nsomba.

Chomaliza, makhonsolo a kumtunda ndi a kunyanja azikambirana. Mapulani a chitukuko a Kasungu, Ntchisi ndi Nkhotakota amalembedwa m'maofesi osiyana, koma mitsinje ya Dwangwa, Bua ndi Lifuliza sidziwa malire a maboma. Makomiti a zachilengedwe a m'makhonsolowa, makomiti a m'magombe ndi mafumu ali ndi nkhani imodzi yoti aikambirane, ndipo nthawi yabwino yokumana ndi mvula isanagwe.

Mlimi wa ku Chisemphere akaona chitsime chake chafiira, waona ndi maso ake zimene akatswiri a ku Australia anachita kuyeza ndi makina. Ndi bwino kuti mlangizi amene wamuyendera alembe tsiku, malo ndi kuya kwa chitsimecho m'lipoti lake la pamwezi, chifukwa zolemba zotere zikasonkhanitsidwa kwa zaka zingapo ndizo zidzauze khonsolo madambo amene akuuma msanga ndi amene akufunika kutetezedwa chilala china chisanafike.